Babu la kutsogolo likungopsa, batire nalo likuuma madzi: vuto lili pati?

Wakabaza_Mponela

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi njinga yamoto ya 125 ya ku China, ndimanyamulira anthu kuchoka pa Mponela kulowa m'midzi ya mbali ya ku Ntchisi. Chiyambireni mvula ino babu la kutsogolo silikukhalitsa. Ndikaika latsopano la 12V 35/35W limawala bwinobwino njinga ikamalira pang'onopang'ono, koma ndikangofika pa tala n'kukoka mafuta, kuwala kumayera mbee, kenako n'kuzima, mdima bii. Dzana linandizimira ndili ndi mayi ena kumbuyo ndi thumba lawo la ufa, tatsala pang'ono kufika pa kamlatho ka mitengo. Ulendo tinamalizira tochi ya foni yawo, akundiunikira pamwamba pa phewa.

Babu la kumbuyo linapsanso, ndi kaja ka pa sipidomita. Batire madzi akuuma msanga, ndipo ndikayenda mtunda wautali limatentha, pansi pa mpando n'kumamveka fungo la mazira owola. Pa siteji ena akuti mababu a masiku ano ndi achabechabe, ena akuti ndisinthe magineto, aja opanga moto m'injini. Ndalama zabwino ndimazipeza kukada, ndiye nkhaniyi ikundidyera ufa wa ana. Ndiyambire pati?

Chimwene_wa_Boxer

Achimwene, msewu wanuwo ndimaudziwa, mabampu ake amadula kawaya ka m'babu. Onani ngati holder, muja mumalowa babu, yagwira bwino komanso timabala tomwe timagwira nyali sitinathe. Apo ayi ikani LED basi, ilibe kawaya koduka.

Makaniko_Ndirande

Bambo, musagule babu lina kapena magineto musanayeze moto. Mabampu amadula babu, zoona, koma sangaphe mababu atatu pamodzi n'kuwiritsanso batire. Zimene mwafotokozazi ndi moto wochuluka, ndipo mlonda wa motowo ndi rectifier, kabokosi kachitsulo ka mizeremizere komwe kamakhala pansi pa tanki kapena pafupi ndi batire.

Magineto sadziwa malire. Injini ikamathamanga, makoyilo a m'maginetowo amatulutsa moto wambiri, ikamalira pang'ono amatulutsa wochepa. Pa njinga zambiri zazing'onozi nyali ya kutsogolo siidya za m'batire, imalandira AC (moto wosinthasintha mbali) kuchokera ku koyilo, n'chifukwa chake imayaka pokhapokha injini ikalira. Rectifier ili ndi ntchito ziwiri: kusandutsa AC kukhala DC (moto woyenda mbali imodzi) yotchajira batire, ndi kutayira moto wotsala ku felemu kuti mababu asapitirire 12V yawo kwambiri. Njira yotayirayo ikatsekeka, moto wonse umakathera m'mababu ndi m'batire. Magineto akafooka zimakhala zosiyana: nyali imawala mofiira, hutala imalira mwaulesi, sitata imakana. Anu akugwira ntchito, asiyeni.

Tengani babu lakupsalo muliyang'ane pa dzuwa. Kawaya kakangoduka galasi lili loyera, ndi kugwedezeka. Galasi likada mkati, kawaya n'kusungunuka mpaka kupanga timibulu kunsonga, ndi moto.

Kenako bwerekani multimeter, mita yoyezera moto, kwa okonza mafoni kapena a ma solar, muiike pa 20V DC, muyeze pa mitu ya batire. Njinga itazima, batire labwino limaonetsa 12.6 kapena pafupi pomwepo. Lizani injini, kokani mafuta mpaka pakati. Iyenera kukwera n'kukaima pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikadutsa 15 n'kumakwerabe, tapeza wakuba.

Koma musathamangire ku shopu. Ine njinga zambiri zomwe zimabwera ndi matendawa nthawi ya mvula, rectifier imakhala yamoyo, chofa ndi earth, waya wobwezera moto ku felemu. Pa njinga za ku China zotengera mawaya a Honda, wobiriwira ndi earth, wofiira amapita ku batire, wachikasu ndi wa nyali, woyera kapena wa pinki ndi wotchajira. Tsatani wobiriwirayo mpaka pomwe wamangidwa ku felemu, masulani bawuti, palani dzimbiri ndi penti mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba. Zulaninso soketi ya rectifier muone ngati mano ake sanachite ndere zobiriwira kapena pulasitiki kusungunuka.

Za LED, achimwene a Boxer, ndikupemphani tisamale. LED yopangidwira DC mukailumikiza ku waya wa AC imaphethira ndipo siichedwa kufa. Zilipo zolembedwa AC/DC, koma nazonso moto wa 17V sizingaupirire nthawi yaitali, ndipo batire lizingowirabe.

Mlangizi_Dedza

Ndiwonjezereko pang'ono, ine ndimayendera alimi pa njinga chaka chonse. Soketi zikauma muzizipaka girizi pang'ono, makamaka ngati mumawoloka mitsinje kapena kutsuka njinga ndi madzi amphamvu. Muonenso fyuzi ya pafupi ndi batire, ena amachotsa n'kumangapo kawaya, tsiku lina mawaya onse amadzapsera pamodzi. Chinanso, batire likafa musamayende mutalichotseratu n'kumangoliza ndi kiki, chifukwa batire limathandiza kuti moto ukhazikike. Babu likakhala la halogen muzigwira ndi kapepala, mafuta a m'zala amaonongetsa galasi likatentha.

Wakabaza_Mponela

Zikomo kwambiri nonse. Amakaniko, mwalasa. Babu galasi lake lada bii mkati ndipo timibulu tilipo. Mita ndinabwereka kwa mnyamata wa ma solar pa msika. Njinga itazima inaonetsa 12.0, nditakoka mafuta inafika 16.8 ndipo inali ikukwerabe, ndinangosiya. Waya wobiriwira ndinaupeza pansi pa tanki, bawuti lake ndimalizunguliza ndi zala, pansi pake pali dzimbiri losakanikirana ndi matope ofiira. Ndapala ndi sandipepa, ndaika washala watsopano, tsopano ikuima pa 14.3 ngakhale ndikoke bwanji. Ndiye ndigule babu ndibwerere pa msewu? Nanga batireli lichira?

Makaniko_Ndirande

14.3 ili bwino, rectifier yanu yapulumuka. Musanaike babu la kutsogolo, yambani ndi la kumbuyo ndi la pa sipidomita poti ndi otsika mtengo, mulize injini, mukoke mafuta muone ngati kuwala kukukhazikika osayera mbee. Mutembenuzenso mita pa AC muyeze pa holder ya nyali babu lili momwemo, chifukwa mbali ya nyali ndi ya batire zimatha kufa payekhapayekha. Isapite kutali ndi 12 mpaka 14. Babu muike la 35/35W lomwelo, la 60/55W la galimoto koyilo yanu singalidyetse ndipo limasungunula holder.

Batire thirani madzi a batire, osati a pa mjigo kapena asidi, mpaka pa mzere wa pamwamba, mukalitchajitse pa moto wochepa. Likagona usiku osalumikizidwa muliyeze m'mawa. Likakhala pa 12.5 kapena kuposa, yendani nalo. Likatsikira ku 12.0 kachiwiri, kapena m'mbali mwake mwatupa, mapuleti anapsa kale, mugule lina la Ah (kukula kwa batire) yofanana ndi yolembedwa pa lakalelo.