Ndigule wailesi iti ya m'galimoto, Pioneer, Sony kapena za Android zija?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama. Ndili ndi ka Toyota Sienta kochokera ku Japan, ndipo wailesi yake imathera pa 90 MHz, ndiye masiteshoni ambiri a kuno sindiwamva. Zolembedwa pa sikirini n'za Chijapani zokhazokha, mabatani ndimangodina mongoyerekeza.

Loweruka ndinazungulira m'mashopu ku Limbe. Pa katoni ya Pioneer alemba 50W x 4, pa ya Sony 55W x 4, pomwe ina ya Android yopanda dzina lodziwika, ya sikirini yaikulu, akuti 60W x 4 koma mtengo wake ndi wotsikirapo. Mlamu wanga amakonza zamagetsi a galimoto, ndipo akuti manambala amenewo ndi a max, mphamvu ya kamphindi chabe. Yeniyeni ndi RMS, yomwe pa mawailesi otere imangofika cha m'ma 22W pa sipika iliyonse, mwinanso kucheperapo. Ndiye kusiyana kwa 5W kumeneku khutu lingakumve? Ine ndikukayika.

Masipika ndi omwe anabwera ndi galimoto, ndipo yakumbuyo kumanzere imalira ngati chitini ndikakweza. Sindikufuna kugwedeza mudzi wonse ayi, kwanga ndi Bluetooth, USB ndi mawu omveka bwino ndikakhala pa M1. Kodi ndigule yokhala ndi ma RCA pre-out kuti m'tsogolo ndidzaike amplifier, kapena ndiyambe ndasintha masipika? Nanga amene munagwiritsapo ntchito za Android zija, zimapirira kutentha kwa mu Okutobala galimoto itaima padzuwa tsiku lonse?