Banki ikufuna lisiti la swipe koma pepala lafufutika

Wa hardware, Mbare, Harare:
Anzanga thandizeni msanga. Banki yanditumizira imelo kuti kasitomala wadandaula za ndalama za matailosi zomwe analipira pa Visa, ndiye bankiyo ikufuna merchant copy, kope ya lisiti yomwe imatsala kushopu. Ndaipeza m'katoni koma yayera mbee, changotsala n'dzina la shopu. Katundu anatenga, ndinamukwezera ndekha m'galimoto. Nditani?

Wa golosale, Highfield:
Ngati anaika PIN nkhani yatha achimwene. Musadzivute.

Mayi wa famase, Avondale:
Ayi bambo, musawanamize. Tsiku lomwe alemba mu imelomo likadutsa musanayankhe, chargeback, ndalama yomwe banki imabwezera mwini khadi, imangodula mu akaunti yanu, kaya PIN inalowa kaya ayi. Sakani batch report ya tsikulo, yoonetsa malipiro onse a pa makina a swipe, apo ayi merchant statement, sitetimenti ya shopu yochokera ku banki, mupeze RRN, manambala 12 odziwira malipirowo, ndi auth code, nambala yosonyeza kuti banki inawavomereza. Muphatikize fiscal invoice, invoisi ya msonkho yomwe bungwe la misonkho la ZIMRA limafuna, poti imaonetsa zomwe munthu anagula, pamene kapepala ka POS, makina a swipe aja, kamangoonetsa ndalama. Lofufutikalo musalembemo ndi cholembera, adzati mwapeka. Musalimate pulasitiki kumakina otentha aja, pepala la thermal la malisitiwa likamva moto limada bii.

Wa golosale, Highfield:
Komatu PIN inalowa amayi. Wakuba angaidziwe bwanji?

Wa loji, Eastlea:
Achimwene, PIN imakutetezani munthu akamati si iye analipira. Akanena kuti mwamudula kawiri kapena katundu sanalandire, ilibe ntchito. Onani kaye reason code, nambala yosonyeza chifukwa cha dandaulolo. Kwathu kuno netiweki inagwa mlendo ali pa kauntala, makina akuti declined, tinaswaipanso, koma kubanki yake zinatuluka ziwiri. Mtsikana wa pa reception anamumvera chisoni n'kumubwezera cash m'manja osamusainitsa. Patapita miyezi chargeback inabwerabe, ndalama yomweyo tinaitaya kachiwiri, umboni tilibe. Mpaka lero zimandiwawa. Refund izibwerera pa khadi lomwelo basi. Ndipo musamataye malisiti mwezi ukatha, Visa imapatsa mwini khadi masiku 120 pa madandaulo ambiri.

Mayi wa famase, Avondale:
Ine madzulo alionse malisitiwo ndimawajambula pafoni ndisanatseke batch. Koma nambala yonse ya khadi isamayende pa WhatsApp, manambala anayi omaliza akukwanira.

Wa golosale, Highfield:
Ine makhadi a m'Zimbabwe muno a ZimSwitch ndi PIN sanandivutepo n'kamodzi komwe.

Wa loji, Eastlea:
Ili ndi Visa bambo, malamulo ake ndi ena. Inu a ku Mbare, kasitomalayo anasaina delivery note, yotsimikiza kuti katundu walandira?

Wa butchala, Mufakose:
Pepani kudula nkhani, ma roll a POS osafufutika msanga mukugula kuti m'tauni muno? Omwe ndili nawo akuyera ali mu drowa momwemo.