Njinga ikukokera kumanzere nditaika mashoko ndi limu zatsopano kutsogolo

Kabaza wa pa Dyeratu:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Njinga ndi yamoto ya 150cc ya ku China, ija yofanana ndi Honda CG. Ndaika mashoko akutsogolo atsopano ndi limu ya aloyi m'malo mwa ya masipoko, zonse zogula ku Limbe, si za kampani imene inapanga njingayo. Buleki ndi yomwe ija ya dilamu, tayala 2.75-18. Chiikireni zimenezi njinga ikukokera kumanzere, handulo imakhala yokhota ngakhale ndikuyenda molunjika, ndipo liwiro likafika 60 mutu umanjenjemera. Mashokonso akalowa sabwerera msanga. Wina akuti ndingopana tayala m'miyendo n'kupotoza handulo basi. Ndiyambire pati?

Makanika wa ku Nchalo:

Achimwene, handuloyo musaipotoze kaye. Mawu anu omalizawo, akuti mashoko akalowa sabwerera msanga, ndiwo akuloza pamene pali vuto: masipesa, timapaipi tachitsulo tolowa pa ekiselo (chitsulo chimene tayala limazungulirapo) todzaza mpata pakati pa tayala ndi shoko.

Njinga zambiri zamtunduwu zilibe bawuti yopanira ekiselo kumunsi kwa shoko. Nati imodzi ya ekiselo ndiyo imakoka miyendo yonse iwiri ya mashoko n'kufinya chilichonse chili pakati pake: mbale ya buleki, beringi, kapaipi ka m'kati mwa habu (pakati pa limu polowa ekiselo), beringi inayo, ndi sipesa. Zonsezi mukaziphatikiza ziyenera kudzaza ndendende mpata umene uli pakati pa miyendo. Habu ya limu yogula padera nthawi zambiri imasiyana m'lifupi ndi yakale ndi mamilimita angapo. Ikachepa, nati imakokera miyendo m'kati, mapaipi a mashoko sakhalanso olunjika ndipo amakhulana ndi miyendoyo, shoko n'kulimba. Pakapita masabata masiilo amayamba kudontha oyilo. Ikakula, mumachita kukanula miyendo kuti tayala lilowe, ndipo zotsatira zake n'zomwezo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Imikani njinga pa sitandi yapakati, ikani chipika pansi pa injini kuti tayala lakutsogolo lilendewere. Masulani nati, koma ekiselo isiyeni momwemo. Kankhirani tayala ku mbali ya buleki mpaka mbale igunde mwendo, kenako suzumirani mbali inayo, pakati pa sipesa ndi mwendo. Pasakhale mpata woposa theka la milimita. Mukatero tengani rula, yesani kuchokera m'mphepete mwa limu kufika pa mwendo wa shoko, uku ndi uku. Yesani pa limu, osati pa tayala, chifukwa mphira siwumbidwa mofanana mbali zonse.

Chenjezo limodzi ndinene mokuwa. Mbali ya buleki musathireko mawashala mwachisawawa. Mbale ija ili ndi kampata kamene kamakola kachitsulo kotuluka pa mwendo wa shoko, ndipo kachitsuloko ndiko kamaigwira kuti isazungulire. Mukaitalikitsa ndi mawashala kamangokola kunsonga. Tsiku limene mudzagwire buleki mwamphamvu potsika phiri kuchokera ku Blantyre, musanafike pa Thabwa, mbale idzapulumuka n'kuzungulira limodzi ndi tayala, waya n'kudzikoka yekha, tayala n'kuima nji.

Onaninso ngati m'habu yatsopanoyo muli kapaipi pakati pa maberingi. Malimu ena otsika mtengo amabwera opanda, kapena kali kakafupi. Popanda iko, nati imafinyira maberingi m'kati ndipo amatha msanga. Lowetsani chala: kapaipi kazigwedera pang'ono cham'mbali koma kazikhudza maberingi onse awiri. Bowo la beringi lifananenso ndi ekiselo. Beringi ya 6301 ndi 6201 ili ndi bowo la mamilimita 12, ya 6202 ndi 6302 ili ndi la 15, ya 6300 ili ndi la 10. Ekiselo ya 12 m'beringi ya 15 ndiye kugwedera kosatha, ngakhale mumange nati mpaka sipanala ipindike.

Madala a pa Ngabu:

A ku Nchalo anena zoona. Ine ndiwonjezerepo za handulo yokhotayo, chifukwa imeneyo kawirikawiri imabwera ndi kamangidwe. Anyamata ambiri amamanga bawuti iliyonse imene dzanja lafikapo, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. N'zotembenuza zimenezo.

Mapaipi a mashoko amagwidwa ndi zitsulo ziwiri zija timazitcha T, yapamwamba ndi yapansi. T yapansi ikapotoka pang'ono poyerekeza ndi yapamwamba, handulo iloza ku Nsanje tayala likuloza ku Bangula. Choyamba onani kuti mapaipi onse awiri akhala pa msinkhu umodzi pa T yapamwamba. Pa njinga zimene paipi imatulukira pamwamba, yesani ndi rula, isasiyane ngakhale milimita imodzi. Pa zimene paipi imagunda kunsi kwa T n'kumangidwa ndi bawuti yaikulu pamwamba, onetsetsani kuti yafikadi mpaka kumapeto.

Zikatero pamwambapo pasiyeni pomanga. Masulani mabawuti a T yapansi, nati ya ekiselo, ndi mabawuti onse a madigadi, osawachotsa, angokhala ofewa. Madigadi musaiderere. Yachitsulo ikapindika imakoka miyendo ya shoko ngati bulaketi, ndipo yogula padera nthawi zina mabowo ake sagwirizana ndi mashoko. Tsitsani njinga pa sitandi, gunditsani tayala kukhoma m'malo mogwira buleki, n'kudinikiza handulo mwamphamvu kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Miyendo imadzipezera yokha malo. Tsopano mangani kuchokera m'mwamba kutsika: T yapansi, ekiselo, madigadi pomaliza. Amene ali ndi sipanala yoyezera mphamvu, mabawuti a mamilimita 8 a pa T amafuna cha m'ma 20 mpaka 25 Nm, nati ya ekiselo ya 12 cha m'ma 60 Nm.

Kupana tayala m'miyendo kuja si bodza ayi, kumathandiza, koma mabawuti a T yapansi akhale omasula. Ali omanga mumangopinda handulo kapena kutopetsa mabushi a mphira a pansi pake.

Ndipo mashoko atsopano musawakhulupirire kuti oyilo ndi wofanana. Si zachilendo kupeza mwendo umodzi uli wodzaza, wina uli ndi kadontho. Tsegulani pamwamba, chotsani masipuling'i, tsitsani miyendo mpaka pansi, lowetsani kawaya koyera muyese kuchokera pakamwa pa paipi kufika pa oyilo. Mbali zonse zifanane. Masipuling'iwo agonekeni pamodzi pa tebulo muone ngati ali ofanana kutalika.

Wa East Bank:

Pepani akulu, koma nonse mwathamangira kutsogolo. Njinga zambiri zimene zimakokera mbali, mlandu umakhala kumbuyo. Munthu akakoka tcheni amadalira timizere ta pa swing'amu, chitsulo chogwira tayala lakumbuyo, pamene tizitsulo tokokera tcheni togula padera timizere take n'tongojambula. Tayala lakumbuyo likaloza pambali, njinga imayenda ngati nkhanu ndipo wokwera amakhotetsa handulo osadziwa.

Pemphani ulusi kwa womanga nyumba, mamita asanu akwana. Njinga iime chilili pa simenti yosalala. Zungulitsani ulusi kumbuyo kwa tayala lakumbuyo, chapansi pomwe sugunda sitandi kapena ekizozi, n'kukokera nsonga zonse ziwiri kutsogolo. Mangani nsongazo pa njerwa ziwiri, muzisuntha pang'onopang'ono mpaka ulusi ungokhudza m'mbali mwa tayala lakumbuyo malo awiri, kumbuyo ndi kutsogolo kwake, osapindika. Wongolani handulo. Tsopano yesani mpata pakati pa ulusi ndi tayala lakutsogolo malo anayi: kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayalalo, kumanzere ndi kumanja. Ngati tayala lakumbuyo ndi la 3.00 ndipo lakutsogolo ndi la 2.75, mpata ukhala cha m'ma mamilimita 3 mbali iliyonse. Mukapeza uku 6 uku ulusi ukukhudza, ndiye kuti lakumbuyo lakhota kapena lakutsogolo silili pakati. Konzani ndi manati okokera tcheni, tcheni n'kuisiyira kusewera kwa masentimita awiri kapena atatu.

Za kunjenjemera pa 60, zunguzani tayala lili m'mwamba, mutamangirira kawaya pa mwendo wa shoko nsonga yake ili pafupi ndi limu. Limu isavine kupitirira mamilimita 2, kaya cham'mbali kaya chokwera ndi kutsika. Yang'ananinso kamzere kopyapyala kamene kali pa tayala pafupi ndi limu. Kazioneka mofanana kuzungulira konse. Pamene kamira, tayala silinakhale bwino: phwetsani, pakani madzi a sopo, popaninso mpaka litulukire, kenako bwezerani mpweya cha m'ma 25 psi. Mpweyawo muziyesa m'mawa. Masana a kuno mu Okutobala tayala limakhala litatentha, geji imanama.

Kunena mosabisa, ine aloyi sindimailimbikitsa kwa amene amayenda msewu wa Thabwa kupita ku Fatima atanyamula matumba a mpunga. Ya masipoko ikavina mumaiwongola ndi kasipanala, kota ya kuzungulira nthawi imodzi, mbali iyi kumanga mbali iyo kumasula. Ya aloyi ikagunda mwala imapindika kapena kung'aluka, ndiye kukagula ina.

Makanika wa ku Nchalo:

Ulusiwo ndi wabwino, koma ubwere pambuyo pa masipesa, apo ayi mukhotetsa tayala lakumbuyo kuti litsatire lakutsogolo limene lili pambali kale.

Tayala likadali m'mwamba yesaninso makoni a m'khosi, maberingi amene handulo imatembenukirapo. Gwirani miyendo ya shoko kumunsi, kokerani kwa inu n'kukankha. Mukamva kuti go go, amasuka. Tembenuzani handulo pang'onopang'ono uku ndi uku. Ikamakodwa pakati ngati yagwera m'kadzenje, mabolo akumba makapu ndipo kumanga sikuthandiza, n'kusintha basi. Njinga zowoloka madzi nyengo ya mvula kuno zimatha makoni msanga, chifukwa madzi ndi mchenga zimatsuka girizi wa beringi yapansi.

Kabaza wa pa Dyeratu:

Takhuta akuluakulu. Ndayesa. Nati ili yomasula, mbale ya buleki itagunda mwendo, mbali ya sipesa pakutsala mpata wa mamilimita 3. Zili chomwecho, kuchokera pa limu kufika pa mwendo ndi chimodzimodzi mbali zonse. Sipesa yakale ndi yotalika mamilimita 20, ekiselo ndi ya 12. Kapaipi m'habu kalimo, makoni sakugogoda. Ndithire mawashala awiri?

Makanika wa ku Nchalo:

Mwayi wanu, limu ili kale pakati, ndiye chofunika n'kudzaza mbali ya sipesa yokha. Mawashala a m'hadiweya ndi ofewa, amaphwatalala ndipo nati imamasuka yokha pakapita masiku. Tengani sipesa yakaleyo ndi ekiselo mupite nazo kwa a makina osema zitsulo, akusemereni ina ya mamilimita 23, ya chitsulo osati paipi ya madzi. Kunenepa kwake kufanane ndi yakale kuti siilo ya fumbi iigwire bwino, ndipo nkhope zonse ziwiri zidulidwe pa makina, osati ndi sowo, chifukwa nkhope yopendekeka imapinda ekiselo mukamanga.

Ekiseloyo igubuduzeni pa galasi musanaibwezere. Yayenda masiku ikukokedwa mokhota, ikhoza kukhala itapindika. Ikamadumphadumpha kapena kuonetsa kuwala pansi pake, gulani ina. Pomanga onetsetsani kuti nsonga ya ekiselo yatulukira kunja kwa nati mizere iwiri kapena itatu, ndipo ngati nati ndi ya pini, ikani pini yatsopano. Mukatha pamenepo chitani zimene anena madala a pa Ngabu, ulusi wa womanga nyumba ubwere pomaliza.