Nsapato zopalasira njinga zapezeka pa kaunjika, ndigule kapena ndizisiye?

Wa ku Chankhanga: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Dzulo pa kaunjika mumsika wa pa boma ndapeza nsapato za Shimano, zija zopalasira njinga m'misewu yafumbi, zokhala ndi timabowo tiwiri kunsi. Zikuoneka kuti mwini wake sanazivale kwambiri. Vuto ndi saizi: ndi 42, pomwe ine ndimavala 43. Zinalowa ndithu, kungoti chala chachikulu chimagunda kutsogolo. Mnyamata wogulitsayo akuti zimatamuka ukazivala masiku angapo, ndipo wandisungira mpaka Lachisanu. Ndalama akutchulayo ndikhoza kugulira matayala awiri ndi tcheni. Ndigule?

Wakabaza wa pa Santhe: Achimwene, ine zaka zonsezi ndanyamula anthu, matumba a chimanga, ngakhale mbuzi, nditavala patapata. Njinga imayenda ndi miyendo. Gulani matayalawo.

Mphunzitsi wa ku Mtunthama: A Santhe, inu mumatsika njinga pafupipafupi, kulandira ndalama, kumanga katundu, phazi limapuma. Mnzathuyu Loweruka amapalasa maola anayi kapena asanu osatsika, njira ya ku Lifupa ija, kumalo osungirako nyama zakutchire ku Kasungu. Pamenepo nsapato yofewa kunsi imapindika pa pedulo, kulemera konse kumathera pa kamalo kamodzi, pakati pa phazi pamayamba kuotcha. Ndiye nsapato yolimba kunsi ili ndi ntchito yake, ine ndili nazo ndipo sindidandaula. Koma izi za 42 ndiye ayi. Nsapato zimenezi zambiri si zachikopa chenicheni, ndi pulasitiki ndi nsalu yolimba, ndipo kutsogolo anachita kuumitsa dala kuti mwala ukakugunda usathyole chala. Zitamuka pati?

Wa ku Chankhanga: Aphunzitsi, komatu si zothina kwambiri. Pang'ono pokha.

Mphunzitsi wa ku Mtunthama: Munaziyesa nthawi yanji?

Wa ku Chankhanga: M'mawa, cha m'ma 8 koloko.

Mphunzitsi wa ku Mtunthama: Ndiye mwadziyankha nokha. Phazi la m'mawa si la masana. Ukapalasa nthawi yaitali, makamaka dzuwa la mu Okutobala lino, phazi limatupa. Chimene chikugunda pang'ono 8 koloko, pofika 12 koloko chidzakhala dzanzi, kenako chikhadabo chidzada n'kuzuka. Ine zinandichitikira ndi nsapato zanga zoyamba. Ndinakhala pansi pa mtengo wa muwanga m'mbali mwa msewu, nsapato zili pambali, ndikusisita zala ngati nkhalamba, ana obwera kotunga madzi akungondiyang'ana. Ulendo wobwerera ndinapalasa nditamasula zingwe zonse.

Makaniko wa pa depoti: Ndilowererepo, chifukwa zikavuta zimathera kwa ine. Madala, musawerengere nsapato zokha. Timabowo tiwirito ndi tomangirapo kachitsulo kotchedwa cleat, kamene kamakola pa pedulo. Njira imeneyi ndi ya SPD, a Shimano anaitulutsa mu 1990 poganizira njinga za m'mapiri. Ndiye mufunikanso mapedulo ake ndi tizitsulo timeneto, ndipo m'mashopu athu ogulitsa masipoko ndi machubu simungayembekezere kuzipeza. Mudzachita kufunsa ku Lilongwe kapena kutuma munthu wochokera kunja. Chachiwiri, mukabwerera kumsikako musuzumire m'timabowoto. Nsapato ya pa kaunjika mazinga ake amatha kukhala atadyeka kapena atachita dzimbiri, bawuti n'kumangozungulira osagwira. Tengani bawuti wake ndi kasipanala ka Allen key ka mamilimita 4 mukayese pomwepo pamaso pa wogulitsa.

Ndipo mukadzagula mapedulo, chonde, la kumanzere limamangidwa mobwerera. Anthu andibweretsera njinga ataononga mazinga chifukwa chokakamiza ndi sipanala.

Mayi wa ku Chulu: Ine funso langa ndi lina. Njira zathuzi pali malo amchenga oti umatsika n'kukankha, dzinja likafika madambo amadzadza. Munthu angayende nazo pansi nsapato zimenezi? Ndinaonapo mzungu wina pa filling station akuyenda ngati bakha, kwa-kwa-kwa pa simenti.

Makaniko wa pa depoti: Mayi, amene uja anavala za pa tala. Zimenezo zili ndi mabowo atatu, cleat yake ndi yaikulu, yapulasitiki, imatulukira kunja, n'chifukwa chake amayendera zidendene. Za mabowo awiri kachitsulo kamabisala pakati pa mano a labala, umayenda ngati wavala jombo yolimba. Zosiyana zimakhala kulimba kwake. Zodula kwambiri kunsi amaika carbon, sizipindika n'komwe, zabwino kwa a mpikisano koma ukakankha njinga mumchenga chidendene chimavuka, matuza osachedwa. Kwa ife kuno za nayiloni, zopindika pang'ono kutsogolo, ndiye zoyenera, komanso mtengo wake ndi wotsikirapo. Matope akamatirira pa cleat umangomenyetsa nsapato pa pedulo kawiri katatu, kapena kutokosa ndi kamtengo.

Wakabaza wa pa Santhe: Ndiye mukundiuza kuti munthu azidzimangirira pa njinga ngati nkhuku yopita kumsika? Galu akadutsa kutsogolo?

Mphunzitsi wa ku Mtunthama: Mumapotoza chidendene kunja, phazi limamasuka. Koma ndisaname, aliyense amagwa kamodzi. Ine ndinagwera pa Gogode, pamaso pa amayi ogulitsa tomato. Ndinaima bwinobwino, ndaiwala kuti mapazi ndi okola, njinga n'kuyamba kupendekeka pang'onopang'ono, ine phii! pansi, njinga ili pamwamba panga. Mayi wina anati, "Pepani bambo, kodi ndi kachasu m'mawa uno?" Pa pedulo pali kabawuti kofewetsera sipuling'i, poyamba mumafewetsa mpaka kumapeto. Palinso mtundu wa cleat wotchedwa SH56 umene umamasuka mosavuta kuposa wamba wa SH51, wabwino kwa ophunzira.

Wakabaza wa pa Santhe: Kkkk aphunzitsi athunthu pansi. Ine ndi patapata wanga sindinagwepo choncho.

Mayi wa ku Chulu: Komatu a Santhe ali ndi mfundo pang'ono. Pedulo lathyathyathya lokhala ndi timano, kuphatikiza nsapato wamba yolimba kunsi, anthu ambiri amayenda nazo maulendo ataliatali. Sikuti popanda SPD munthu sangafike ku Lifupa.

Mphunzitsi wa ku Mtunthama: Zoona, mayi, afika. Ubwino wa kukola ndimauona pa malata a msewu paja, pamene njinga imanjenjemera mpaka mano kuombana: phazi silidumpha pa pedulo. Kupatula apo si zamatsenga. Ndipo cleat ikamangidwa mokhota bondo limapweteka. Iyenera kukhala pansi pa chotupa cha kuseri kwa chala chachikulu, kapena kumbuyo kwake pang'ono, phazi liloze mmene limalozera mukamayenda.

A Chankhanga, chitani ichi madzulo ano mukaweruka. Valani sokosi zimene mumapalasira, pondani pa pepala mutaimirira, mwana ajambule mapazi onse awiri, chifukwa limodzi limakhala lalikulupo. Yezani ndi lula kutalika ndi kufutukuka kwake. Mawa kumsika mukatulutse kansalu ka m'kati mwa nsapatoyo, mukakapondepo. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale kampata pafupifupi sentimita imodzi, ndipo phazi lisasefukire m'mbali. Ife amene tinakula tikuyenda opanda nsapato mapazi athu ndi otambalala, pomwe nsapato zambiri za njinga ndi zopyapyala kutsogolo. Nambala yokha isakunamizeni, 43 wa kampani ina ndi 42 wa ina.

Wa ku Chankhanga: Ndabwerako kumsika. Ndapondapo pa kansalu kaja, chala chachikulu chatulukira kunja, kachala kakang'ono nakonso kali panja. Mazinga ali bwino, koma ndazisiya. Mnyamata uja anayesa kutsitsa mtengo, ndamuuza kuti belo lina likatsegulidwa andiyang'anire 43 kapena 44. Bambo makaniko, matayala aja ndibweretsa Lachisanu.

Makaniko wa pa depoti: Mubwere m'mawa, masana kumakhala akabaza ambiri. Tcheni musagule kaye, ndiione ilipoyo.

Mayi wa ku Chulu: Mwati 42 mazinga ali bwino? Mchimwene wanga wamng'ono amavala 41, phazi lake ndi lowonda. Benchi yake ili mbali iti ya msika?