Nyumba yakale ya agogo ku Zomba, tikonze kapena tigwetse?

Funso: Abale thandizeni nzeru, nyumba ya agogo ku Zomba ndi ya nthawi ya atsamunda, khonde lalikulu, koma malata akudontha komanso chiswe chadya mitengo yakudenga. Chigwereni kwacha ndi 44% mu 2023 muja simenti sikugulika, ndiye tikonze kapena tingogwetsa?

Yankho: Musagwetse achimwene chonde! Yambani denga basi, madzi akasiya kulowa makomawo apirira, zinazo muzipanga pang'onopang'ono ndalama zikamapezeka.

Yankho: Simentiyo musaithamangire, nyumba zakalezo zambiri anamangira dothi kapena laimu ndiye mukapaka pulasitala wa simenti chinyezi chimatsekeredwa mkati njerwa nkumafumbutuka. Mandala House ya 1882 ija ku Blantyre ilipobe mpaka lero, nkhani ndi kusamala.

Yankho: Chiswecho thirani kaye mankhwala musanakhome mitengo yatsopano, apo ayi chidyanso.