Kasitomala wanga wa chilungulira nsima yayamba kumuima pachifuwa

Wa ku Kapata: Anzanga a m'mashopu a mankhwala, ndigawireniko nzeru. Pali bambo wina wogulitsa mtedza pamsika, akhala akugula Magnesium Trisilicate kwa ine kuyambira chaka chatha, ati chilungulira. Itayamba kukanika ndinawapatsa omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi wa m'mimba, zinachepako. Dzulo abwera lamba ataboola bowo lina, malaya akungolendewera. Akuti nsima ikumaima pachifuwa mpaka aikankhe ndi madzi, nyama anasiya kalekale. Amafuna botolo lina la Magnesium Trisilicate. Ndawakaniza, achoka atakwiya. Kodi ndalakwitsa?

Wa ku Katete: Simunalakwitse achimwene, kungoti tachedwa nawo. Asidi wa m'mimba akamabwerera tsiku ndi tsiku, amawotcha njira ya chakudya, chifukwa njirayo ilibe chitetezo chonga cha m'mimba. Mumatupa, mumabuka zilonda, zilonda zikapola zimasiya zipsera, zipserazo n'kumanga njira kuti ichepe. Nsima kuima ndi kumeneko. Zilonda zomwezo zimatha kumadontha magazi pang'onopang'ono munthu osadziwa, mpaka zikhatho kuyera. Kwa ena khungu lam'katimo limasinthiratu, achipatala amati Barrett's, ndipo mwa ochepa limasanduka khansa. Botolo lanulo limangozimitsa moto kwa kanthawi, silichiza chilichonse mwa izi.

Wa ku Chadiza: Koma amayi, mukawakaniza akagula kwina, kapena azikamwa soda wa therere kunyumba. Si bwino kuwagulitsa kuti azibwerabe kwa ife?

Wa ku Katete: Botolo limodzi loti agone nalo bwino podikira tsiku lopita kuchipatala, sindikana. Chimene ndikukana ndi kumangolandira ndalama mwezi ndi mwezi. Ndipo tisathamangire kunena kuti ndi asidi yekha. Kuno kwathu ku Zambia ndi ku Malawi khansa ya kummero ndi yambiri, ndipo yochuluka si ya chilungulira ayi, imayenda kwambiri ndi fodya ndi kachasu. Imayambanso chimodzimodzi: nyama ikana, kenako nsima, mapeto ake ngakhale phala. Pakauntala sitingasiyanitse. Pafunika kuunika ndi kamera yolowetsa kukhosi. Ine malume anga ankangoti “ndi chilungulira” akuwaza nsima ndi madzi m'mbale ngati ya mwana, ife n'kumawagulira mapiritsi. Pomwe tinkafika nawo ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka anali akulephera kumeza malovu. Zimandiwawabe.

Wa ku Sinda: Ine ndinamata kapepala pakauntala kuti mnyamata wondithandiza asaiwale. Wovutika kumeza, wowonda osadziwa chifukwa, wosanza magazi, wa chimbudzi chakuda bii ngati phula, ameneyo sitimusunga, apite kuchipatala. Amene wamwa omeprazole masabata awiri osasintha, chimodzimodzi. Muziwafunsanso za Brufen ndi diclofenac, alimi amamwa ngati chiponde chifukwa cha msana, pamene ndi omwe amakanda m'mimba.

Wa ku Lundazi: Chinanso chimene timaiwala, funsani mwakachetechete ngati ali pa ma ARV. Magnesium amamanga dolutegravir, mmodzi wa mankhwala a m'piritsi la ma ARV lotchedwa TLD, kuti asalowe bwino m'thupi. TLD amwe maola 2 asanamwe botololo, kapena padutse maola 6 atamwa botololo. Komanso kupweteka pachifuwa kobwera pokwera chitunda, thukuta lili kamukamu, musamakutche chilungulira. Ungakhale mtima.

Wa ku Kapata: Za TLD sindinawafunsepo n'kamodzi komwe. Ndinkangowauza zodya msanga madzulo, kusiya tsabola ndi kuika njerwa kumutu kwa bedi.

Wa ku Katete: Malangizowo ndi abwino kwa wongoyamba kumene, awa adutsa pamenepo. Musadikire kuti abwerenso. Alembereni kapepala: anayamba liti, amwa chiyani, nsima inayamba liti kuima. Akayambire kukiliniki, akapemphe kalata yopita ku Chipata Central Hospital. Mawu oti khansa musawatchule pamsika, mungowauza kuti njira ya chakudya ifunika kuunikidwa.

Wa ku Kapata: Zikomo amayi. Benchi yawo ndikuidziwa, ndipo akazi awo amakhala pomwepo masana. Nditseka shopu 12 koloko ndipite ndi kapepalako.