Zinthu zobisika mu Kubernetes ya alpha, mumaziyatsa bwanji?

chilenje_dev: Abale ndaika Kubernetes (pulogalamu yoyendetsa ma app pa ma seva) ya alpha, yomwe ikadali yoyeserera, pa kaseva koyeserera ku ofesi, ndamva kuti muli zinthu zatsopano koma sindikuziona olo pang'ono, zinabisidwa kuti kodi?

AmaiLinux: Sizinabisidwe kwenikweni achimwene, zimangobwera zozimitsidwa. Lembani kube-apiserver --help muona mndandanda wa ma feature gates (ma switch oyatsira ndi kuzimitsira zinthu zatsopanozo), chilichonse chalembedwa ALPHA kapena BETA (gawo lotsatira pambuyo pa alpha). Mumayatsa ndi --feature-gates=Dzina=true, koma dziwani kuti zina zimafuna muyatsenso pa kubelet ndi pa scheduler (zigawo zina za Kubernetes), mukayatsa malo amodzi chabe mukhala mukudabwa tsiku lonse kuti bwanji sizisebenza.

matero_boy: Ilipo ya AllAlpha=true imayatsa zonse kamodzi kkkk, yesani muone moto

AmaiLinux: Iwe usawanamize anzako. Imeneyo pa minikube (Kubernetes yaing'ono yoyeserera) basi, pa laputopu yako, zikafa umafufuta nkuyambanso. Za alpha atha kuzisintha kapena kuzichotseratu mu version yotsatira osakuuzani, ndiye pa seva yokhala ndi data ya makasitomala ayi ndithu.

chilenje_dev: Zikomo amai, ndiyamba ndi minikube malaiti akabwera. Nanga za beta?

AmaiLinux: Kuyambira version 1.24 ma API (njira zolankhulirana ndi Kubernetes) atsopano a beta nawonso amabwera ozimitsa, muziyatsa nokha.